Thukuta la Bambo Njiri

Kalekale, kale lomwe lija nyama zinkayankhula ngati ife, kudagwa chilala. Tcherani khutu ana inu, nanunso akuluakulu musaodzere.

Mvula idangowaza kawiri n'kuthawa. Nthaka idauma gwa. Tinyama ting'onoting'ono tidadalira nkhokwe zawo za pansi, mmene tidakwirira mtedza, nzama ndi makaka a chinangwa. Koma kudali Njiri, chinyama cha minyanga yopindika ndi mimba yosadziwa kukhuta. Ankayenda mphuno ili pansi, akanunkhiza nkhokwe ya mnzake, fukuu, wafukula. Zonse adakaunjika pakhomo pa dzenje lake, mulu wake kutalika kuposa chulu.

Mayi Gologolo adali ndi ana atatu. Wamng'ono adamwalira njala itangofika pachimake, adafera kumsana. Mayiyo adamuika pansi pa mtengo wa msuku, napita kwa Njiri.

"Bambo, nzama zinayi zokha. Awiri anditsalirawa asatsate mng'ono wawo."

"Mimba ndi ya mwini, mayi," adatero Njiri, kukamwa kuli tho. "Sunthani, mukunditchinga mphepo."

Gologolo adabwerera mchira ukukwekwereza pansi.

Njiri adadya, adadya, adadya. Khosi lidasowa. Maso adabisala m'masaya. Ndiye udzu utauma, kudamveka mbiri yoti anthu akunola mikondo, akukonza uzimba, tsiku lija amatentha tchire n'kusaka ndi agalu. Njiri adati ayese pothawira pake. Adatembenuka kuti alowe m'dzenje chafutambuyo monga mwa chizolowezi chake, koma matako adakana. Adakankha, adabuula, dothi lidagumuka, matako osalowa.

"Amene andiuze masewera osungunula mafuta msanga," adafuula, "ndimpatsa dengu la mtedza!"

Njala ilibe manyazi. Adabwera Gwape, adabwera Katumbu wa kumtsinje, adabwera Pusi. Gologolo naye adafika, nakhala kumapeto.

"Kuthamanga basi," adatero Gwape. "Mudamuonapo gwape wa chimimba?"

"Kuondako ndi kwa njala, achimwene, musatinamize," adatero Katumbu. "Kusambira ndiye kumagwedeza thupi lonse, kuyambira mphuno mpaka mchira."

"Asambira pati, mtsinje utaphwa?" adatero Pusi. "Akwere mitengo. Mafuta amaopa m'mwamba."

Adakangana, adakangana, mpaka dzuwa lidafika paliwombo. Pamenepo Gologolo adaimirira, ali ndi chigoba cha nkhono m'manja.

"Akuluakulu, pakamwa sipayeza kanthu. Mafuta akamasungunuka amatuluka ngati thukuta. Bambowa ayese masewera aliwonse, ine ndizitunga thukutalo ndi chigoba ichi. Odzaza zigoba zambiri ndiwo apambana."

Onse adavomera.

Njiri adathamanga kuchoka pachulu kukafika pamlambe n'kubwerera, di di di, mimba ikuwomba m'mawondo. Gologolo adakanda pamsana, nawerenga zigoba zitatu. M'mawa mwake adapita kukathamanda kamene kadatsala. Njiri adalowa, phava phava, natuluka ali bii.

"Ili ndi thukuta kapena matope?" adafunsa Gologolo. "Tingoti chigoba chimodzi."

Katumbu adakwiya, nachoka osatsazika.

Pamtengo ndiye padavuta. Njiri adakwera nthambi yoyamba, nthambi idati thyoo, iye pansi khuu!

"Zigoba ziwiri," adatero Gologolo, "koma chimodzichi ndi misozi."

Choncho kuthamanga kudapambana. Njiri adathamanga masiku asanu. Koma akamaliza ankakhala pamulu paja n'kudzipepesa ndi madengu awiri. Tsiku lachisanu ndi chimodzi adayesanso dzenje, matako adakana kuposa kale. Dengu la mtedza loti Gwape alandire nalo silidatuluke.

Gologolo ankadziwa chimene chikuchitika. Chotuluka ndi chigoba chinkabwerera ndi dengu. Sadanene. Adapita kaye kunyumba, napeza ana ake awiri ali gone, akuyamwa makungwa. Adawayang'ana nthawi yaitali, kenaka nabwerera kwa Njiri.

"Bambo, alipo masewera ena. Ndidawabisa chifukwa ndi owawa."

"Nenani msanga, mayi! Utsi wayamba kuoneka kutsidya."

"Kusenza katundu n'kukwera naye phiri."

Adayesa ndi dengu la makaka. Njiri adakwera, wefuwefu, wefuwefu, miyala ikugubuduka kumbuyo. Atafika pamwamba, Gologolo adatunga, adatunga, zigoba khumi, thukuta likadali kuyenderera. Apa sadaname konse. Njiri adaona yekha.

Pamwamba pa phiripo padali thanthwe lalikulu, lokhala ndi mng'alu wolowa mkati.

"Khuthulirani mommo," adatero Gologolo. "Moto ukabwera, mulu wanu uja upsa wonse. M'thanthwe moto sulowa."

Njiri adasuzumira. "Nanga ndidzatulutsa bwanji? Pakhomopa n'popanikiza."

"Si mukuondatu, bambo? Mukadzaonda mudzalowa."

Njiri adaseka, nati mayiyu ali ndi nzeru ngakhale ali wochepa.

Kuyambira tsiku limenelo kudali kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. Khuthuu mtedza. Khuthuu nzama. Akafika pansi nsagwada zinkalephera kutafuna chifukwa chotopa, ndiponso dengu lililonse ankaliumira, ati likasungike. Mulu udatsika, mimba nayo idatsika. Khosi lidabwerera pamalo pake.

Kuseri kwa thanthwe, kumene Njiri sankafikako, tinyama tinkalowa pa tiziboo tawo. Mbewa, sakhwi, mbira, onse. Ana a Gologolo adadya nzama koyamba chiyambire njala. Mayi wawo adawagawira, nasenda nzama yachitatu mwachizolowezi, kenaka nazindikira kuti palibe woipatsa. Adakhala nayo m'manja mpaka ana adamaliza.

Tsiku la uzimba lidafika. Moto udalilima, agalu adauwa, anthu adakuwa mbali zonse. Njiri adathamanga mchira uli njo, natembenuka pakhomo pa dzenje lake, psululu, walowa. Agalu adanunkhiza, adakanda, adatopa, napita. Nyama zambiri zidagwa tsiku limenelo, koma Njiri adapulumuka.

Kutacha adakwera phiri, m'mimba muli kulira. Adalowetsa mphuno mumng'alu, minyanga idati khwe. Adapendeketsa mutu, khwe. Adayesa chafutambuyo, thupi lidalowa bwinobwino, mutu udatsala panja. Adatuluka, naitana.

"Mayi Gologolo! Mudati ndikaonda ndidzalowa!"

Gologolo adasuzumira ali mkati. "Thupi limaonda, bambo. Mutu suonda."

"Chakudyacho ndi changa!"

"Thukuta ndiye lidali lanu, ndipo ndidaliwerenga lonse, sindidakubereni dontho. Koma mtedzawu sindikumbukira kuti mudalima liti."

Njiri adalusa, adagunda thanthwe, thanthwe lili chete. Tsiku lidapita, linanso lidapita. Lachitatu miyendo yakutsogolo idafooka, adagwada pakhomo paja.

"Mayi," adatero ndi timawu tapansi, "nzama zingapo chabe."

Tinyama tina tidati musiyeni afe. Koma Gologolo adakana. Iye ankadziwa mmene njala imaphera, ndipo sadafune kuionanso, ngakhale pa Njiri. Adakankhira panja chigoba chodzaza nzama.

"Muyeso wa aliyense ndi umenewu, m'mawa ndi madzulo. Mudye chogwada choncho, kuti muziona ang'onoang'ono amene mukudya nawo."

Njiri adadya chogwada mpaka mvula idabwera, ndipo mawondo ake adachita zikang'a. Mukadzamuona kutchire, mudzapenyetsetse. Mpaka lero akamadya amayamba wagwada.

Nthano yanga yapumira pamenepo, kaphuleni mbatata zisanapserere. Koma inu amene mwati mawa muthamanga kuti muonde, phulani imodzi.