Malo a Pansi pa Mtengo

Panyumba zina zosanja pankakhala mabanja khumi ndi awiri, koma malo oimikapo galimoto anali atatu okha, amodzi mwa iwo ali pansi pa mtengo. Wofika msanga ndiye ankakhala mwini malo. Wochedwa ankaimika kumsewu, kumene magalasi ndi mawilo ankamera miyendo.

Kalaliki wina wa m'nyumba zapamwamba atagula galimoto, mkazi wake, yemwe anali woyembekezera, anavina m'khitchini. Mumtima anati zopanikizana m'minibasi popita kusikelo zatha. Sabata yoyamba anayendadi ngati anthu. Koma tsiku lina pobwera anapeza malo onse atadzaza, naimika kumsewu, ndipo kutacha galasi lam'mbali linali litapita. Malo a pansi pa mtengo atapezeka, bamboyo analowetsapo galimoto, nazimitsa, nati, "Apa ndiye pathera."

Ndipo panatheradi. Kuntchito anayambanso kukwera minibasi. Loweruka lililonse ankatsika ndi ndowa, kuitsuka galimoto mpaka kudziona nkhope pachitseko, koma kiyi osamupotoza. Anzake anamupatsa dzina loti Amlonda.

"Bambo, mawa ndi tsiku la sikelo. Miyendo yatupa iyi, taonani," anatero mkazi uja.

"Ndikangosuntha, aphunzitsi oyandikana nafe aja alowetsapo chiphapha chawo. Amasuzumira pawindo ngati khwangwala. Kwerani minibasi, mayi, si patali."

"Kodi munagula galimoto kapena munagula mthunzi?"

Makaniko wa m'nyumba zapansi nayenso anamutsina khutu. "Achimwene, galimoto ili ngati mwendo, ukaukhalira umachita dzanzi. Muziizungulitsako."

"Mukufuna malowa inunso eti?" anayankha akuseka. Makaniko anangopukusa mutu.

Miyezi iwiri inatha. Pansi pa galimoto panamera udzu, mphaka nagonapo. Mayi uja anasiya kudandaula. Anangolongedza chikwama cha kuchipatala n'kuchiika kuseri kwa chitseko.

Lachitatu lina m'mawa, mwamuna akumanga nsapato, mayiyo anagwira m'mphepete mwa sinki. Sanali matenda a masiku onse. Pansi panali magazi.

Mwamuna wake anamutsitsa masitepe mothandizana ndi mkazi wa aphunzitsi, namugoneka kumpando wakumbuyo. Bambo anapotoza kiyi. Galimoto inangoti kete. Anapotozanso. Kete. Batire inali itafa kalekale, mwini wake akupukuta utoto. Makaniko anali atapita kugalaja, aphunzitsi kusukulu, onse ndi galimoto zawo. Malo awiri enawo anali mbee, opanda wowalimbirana.

Amayi atatu a panyumbapo anayesa kukankha, koma teyala limodzi linali litaphwa, litamatirira pansi. Mayi uja, ali chigonere, ankayang'ana masamba ouma pagalasi, akumva mwana akugunda pang'onopang'ono, kenaka osamvanso kanthu. Pamene bambo ankabwera ndi takisi kuchokera kumsewu waukulu, dzuwa linali litakwera.

Adokotala anati akanafika ola limodzi m'mbuyomo, bwenzi nkhani ili ina.

Patapita masiku anayi, mayiyo anabwerera ndi chikwama chija, matewera ali chipindire. Anaima pansi pa mtengo, nayang'ana galimoto ikunyezimira pamalo pake.

"Malo anu aja alipo, bambo," anatero. "Palibe wawalanda."

Bamboyo sanadzutse mutu. Akuluakulu sananame: pakadafunda padajiwitsa galu.