Nyundo ya Edwell pa Njanji

Mgodi wa Kabwe utatsekedwa, Edwell Sakala wa ku Katondo, amene kale ankayendetsa ngolo za miyala, anasanduka wotola zitsulo. Ankakumba m'milu ya zotsalira za mgodi, n'kumaphwanya zimene wapeza kuseri kwa nyumba kuti zikwane m'thumba. Mkazi wake Philomena anazolowera kuchapa nyundo ikulira pambali.

Tsiku lina anabwera ndi chitini chadzimbiri chodzaza timachubu takopa, tokhala ngati ndudu, tili ndi mawaya kumchira. Mlamu wake Febian, yemwe anakalambira pansi pa nthaka akuphulitsa miyala, atasuzumira m'chitinimo anabwerera m'mbuyo.

"Alamu, ikani pansi mwaulemu. Utu ndi toyatsira mabomba a mu mgodi."

"Tinafa kale timachubu utu," anatero Edwell. "Zaka zonsezi tili m'dothi. Komanso moto uli kuti pano?"

"Wonga wa m'katimo sudikira machesi. Uli ndi timipata ta mpweya tosaoneka ndi maso. Mukamenya, mpweyawo umapanikizika n'kutentha, monga imatenthera pampu mukamapopa njinga. Kadontho kamodzi kakapsa kamakankha kanzake, kanzakeko kanzake, ndipo zonse zimatha musanaphethire."

Edwell anaseka. Anatola kamodzi, nakaika pa chitsa chofumbwa, n'kukagogoda. Kanangomira m'mtengomo. Anagogoda kena, nakonso zii.

"Mwaona manje? Ine ndine wamwayi, alamu. Mgodi unandilephera, nanga tindudu?"

"Chitsacho ndi chimene chamwa mphamvu ya nyundo," anatero Febian. "Ndikukaitana apolisi adzatenge. Mlongo wanga, chotsa ana pano."

Mawu oti apolisi anamulowa Edwell ngati munga. Kopa wake atengedwe ulele? Febian atangokhota pa msewu, iye anakokera pafupi chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo, kuti amalize msanga. Philomena anatulutsa ana pa geti, nabwerera kudzamugwira mkono.

"Atate a Maness, mverani achimwene."

Edwell anamukankha pang'ono, nagwira kachubu pa njanjipo. Kenaka nyundo inatsika, chitsulo pa chitsulo, popanda chofewa pakati.

Edwell sanamve n'kulira kwake komwe. Anangoona kuyera, kenaka anapezeka atakhala pansi, akuyang'ana dzanja lamanja lomwe linatsala ndi chala chachikulu chokha. Mwamwayi chitini chinali patali. Philomena ankakuwa, koma iye ankangoona kamwa ikuyasama.

Anatuluka m'chipatala diso limodzi litazima. Philomena nayenso khutu lakumanzere linagontha, silinamvenso. Mpaka lero ku tchalitchi amakhala chopendeka kuti amve ulaliki. Amene ankadyetsa banja ndi nyundo tsopano amamangidwa mabatani a malaya ndi mwana wake wamkazi.

 Anthu a ku Katondo, pokumbukira kuseka kuja pa chitsa, amati akulu sananame: linda madzi apite, ndiye uziti ndadala.