Mpata wa pa Mpanda wa Nankhoma

Ana inu, mukamamva akuluakulu akuti "kupatsa n'kuika," musamayese kuti mawuwo anagwa kumwamba ngati matalala. Mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Ena adzakuuzani kuti uwu ndi wakale kuposa agogo awo, ndipo ine sindilimbana nawo. Koma ndimati unabadwira ku Bangwe, pa mpanda wa bango, chaka chija cha mliri wa chifuwa chobanika, ndipo mzamba wake anali mayi wina wamakani dzina lake Nankhoma.

Nankhoma ankakhala ndi amuna ake, a Kachingwe, kumtunda kwenikweni kumene galimoto imafika itatopa. Ana awo anali atakula n'kupita kutali. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mpanda wa bango, ndipo pampandapo panali mpata woti munthu n'kupisa mkono ndi mbale. Inauyambitsa ndi mbuzi, amayi n'kuona kuti mbuziyo inaganiza bwino. Tsidya la mpatawo kunali bwalo la nyumba zisanu za lendi, ndipo khomo loyandikira linali la Abiti Jafali, mayi wamasiye amene ankalera ana atatu pogulitsa mandasi.

Mchere ukatha ndiwo zili pamoto, munthu ankangoti "Odi kuseriko!" mbale n'kudutsa. Pankadutsa khala la moto, kasopo, tomato awiri, singano, ndi nkhani zimene sizinenedwa pamsewu. Lamulo linali limodzi: mbale siibwerera yopanda kanthu. Yapita ndi mchere, ibwera ndi mandasi. Ikasowa chobwera nacho, idikira mpaka tsiku limene chidzapezeke, ndipo mwini mbale safunsa.

A Kachingwe sankaukonda mpatawo. Anali munthu wopuma pa ntchito ya umesenjala, wovala tayi ngakhale popita kukameta, ndipo ankakhulupirira kuti nzeru zonse za m'Bangwe zinachita msonkhano m'mutu mwawo. Sanali oipa mtima, ayi. Anali amantha basi, koma mantha awowo ankawatcha kuchenjera.

Tsono mliri utafika, mphekesera inathamanga kuposa matendawo. Wina anati sitolo zonse zitsekedwa miyezi itatu, wina anati shuga ndi mchere tiziona m'maloto. A Kachingwe anameza zonsezo osatafuna.

"Nankhoma, mangani chitenje," anatero m'mawa wina. "Lero wochedwa adya fumbi."

Anapita ku sitolo yaikulu ya m'tauni, ija yoti umadzitengera wekha katundu uku ukukankha kangolo. Nankhoma anali asanaonepo anthu ovala bwino akudzichotsa ulemu chotero. Azibambo a masuti ankalandana matumba a mpunga, amayi oimba kwaya ankapondana zala osapepesana. Munthu sankatenga chimene wasowa, ankatenga chimene waona mnzake akutenga. A Kachingwe anadzaza tingolo titatu: mpunga, ufa, mchere, mafuta ophikira, sopo, ndi mulu wa mapepala a kuchimbudzi wofika m'khosi, chifukwa anaona bwana wina atawakumbatira.

Pa shelefu ya shuga panatsala mapaketi anayi okha. A Kachingwe anawakokolola onse ndi mkono umodzi. Potembenuka, Nankhoma anaona Abiti Jafali ataima pomwepo, dzanja lili m'malere. Anabwera kudzagula paketi imodzi yokha ya shuga wa mandasi a mawa. Anangobweza dzanjalo n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, achemwali?" ngati kuti palibe chachitika. Nankhoma anamva manyazi otentha kuchokera kumaso mpaka kumapazi.

"Bambo, imodzi tiwasiyire," ananong'ona.

"Aliyense ndi mimba yake, mayi. Kankhani ngolo."

Atafika kunyumba, a Kachingwe anaunjika katundu yense m'chipinda cha ana, n'kukhoma loko, kiyi n'kumangirira pa lamba. Kenako anakazula lata lakale pa khola la nkhuku n'kulikhomera pa mpata paja.

"Matenda amalowera pamenepa," anatero akupukuta thukuta. "Ndipo shuga amatulukira pomwepa."

Nankhoma anapirira masiku atatu. Chimene chinamulasa mtima sichinali mawu a munthu, poti tsidyalo palibe anadandaula. Chinali fungo. Zaka khumi ndi ziwiri wakhala akudzuka ndi fungo la mandasi a Abiti, ndipo tsopano kuseriko kunali zii, chiwaya chosalira. Anadziwa kuti ana atatu akugona ndi njala pamene shuga wa mayi wawo wagona m'chipinda chake, ndipo mkwiyo unamukwera.

Tsiku lachinayi, dzuwa litakwera, amuna ake atakhala pakhonde, anatenga mpeni wodulira ndiwo n'kumasula misomali yopota imene inagwira chitsulo cha loko. Loko anatsala chitsekere, akulendewera pa chitseko chotseguka, kiyi ali m'chiuno mwa mwini wake. Anatenga mapaketi awiri a shuga ndi botolo la mafuta, n'kudutsa nazo pamaso penipeni pa a Kachingwe. Kenako anatola nyundo n'kulunjika ku mpanda.

"Nankhoma! Mwapenga kodi?"

"Ndikanakhala wakuba ndikanadikira mutachoka. Ndikutenga inu mukuona."

"Katunduyo ndagula ndine!"

"Mwagula ndinu, sindikukana. Koma pa maliro a mayi anu anaphika ndani, sitolo? Mutathyoka mwendo chaka chija, anakunyamulani mpaka kumsewu ndani, kangolo? Ine zaka zonsezi ndakumverani, bambo, koma pa ichi chokha ayi."

"Ndiye mufuna kutibweretsera matenda?"

"Matenda ndikuwaopa. Ndiphimba pakamwa, ndiika mbale, ndibwerera m'mbuyo, ndisamba m'manja. Koma anthu sindiwaopa. Mukhome lata ili kakhumi, ine ndilizula kakhumi ndi kamodzi. Idzatha ndi misomali yanu, osati manja angawa."

Ndipo zinaterodi. A Kachingwe ankakhoma m'mawa, Nankhoma ankazula masana, mpaka anthu a tsidyalo anayamba kudziwa nthawi pomva nyundo. Pa tsiku lachisanu la mkanganowo misomali yonse inali itapindika, ndipo lata linatsala chotsamira pa mpanda. Fungo la mandasi linabwerera. Nankhoma sanalekere pa Abiti yekha. Nasibeko wogulitsa makala analandira mchere ndi sopo, mabanja ena aja analandira ufa ndi mpunga, a Kachingwe akung'ung'udza ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Koma nanga mliri umafunsa kuti uli ndi matumba angati? M'mawa wina a Kachingwe anadzuka akutsokomola, thupi lili moto. Azaumoyo anabwera atavala zophimba nkhope, anawayeza, n'kusiya mankhwala. Analamula kuti onse awiri asatuluke pa mpanda milungu iwiri, munthu asalowe, ndipo wodwalayo azimwa madzi ambiri.

"Mwaona?" anatero a Kachingwe ali chigonere, mawu akusasa. "Tili ndi zonse m'nyumba muno. Wanzeru ndani tsopano?"

Apa m'pamene panaonekera cholakwa chawo, ndipo chinali cholakwa cha munthu amene sanasenzepo ndowa chibadwire. Kumtunda kuja kunalibe mpopi. Madzi ankatungidwa kumunsi kwa phiri n'kukwera nawo pamutu, ndipo makala ankagulidwa tsiku ndi tsiku m'timajumbo. A Kachingwe ankangoona madzi ali mu mgolo ndi moto uli pa mbaula, n'kumayesa kuti zimamera zokha.

Tsiku lachiwiri makala anatha. Tsiku lachitatu mgolo unalira pansi. Mpunga unali m'chipinda mpaka kudenga, koma ndani anadyapo mpunga wosaphika? Nankhoma anaima pa geti kuitana odutsa, koma anthu ankawolokera tsidya lina la msewu ataphimba mphuno. Ngakhale otungira anthu madzi anakana kukwera ku nyumba ya wodwala. Ku mpata kuja sanapiteko. Anali atautseka yekha ndi lata lomwe lija, n'kulitsamiritsa ndi mwala, poopa kupatsira matenda ana a Abiti. Munthu yemwe analizula kasanu analibweza ndi manja ake, ndipo zinamuwawa.

"Madzi, Nankhoma," anatero a Kachingwe, milomo itang'ambika.

M'nyumba monse munatsala kapu imodzi. Anawamwetsa theka, theka lina n'kusungira mankhwala a madzulo. Ndiye anakhala pakhomo la kuseri, ndipo kwa nthawi yoyamba mayi wamakani uja anachita mantha enieni. Anaona kuti amuna ake akhoza kufa ndi ludzu pakati pa matumba a chakudya.

Dzuwa lili paliwombo, lata linalira. Mwala unagubuduka, latalo n'kukokedwera tsidya lina.

"Odi kuseriko!"

"Abiti, musayandikire! Kuno kuli matenda!"

"Tikudziwa, achemwali. Masiku awiri sitinaone utsi kwanuko, ndowa yanu sitinaimve kulira. Mumayesa ndife ogontha? Inu munamva mandasi atasiya kununkhira, ife tisamve mbaula itazima?"

Kunamveka kuponda ndi kugogoda. Abiti Jafali ndi Nasibeko anali kulipinda latalo pakati, kulisandutsa ngalande. Mbali imodzi anaisanjika pa mtondo kwawoko, ina anailowetsa pa mpata kuti itsikire kwa Nankhoma.

"Ikani mgolo kunsi kwake, inu muime patali," anatero Abiti, pakamwa atamanga ndi mpango.

Nankhoma anagubuduza mgolo. Posuzumira pakati pa bango, anaona amayi asanu atandanda motalikirana, aliyense ndowa pamutu, thukuta lili kamukamu chifukwa cha chitunda. Woyamba anathira. Madzi anayenda pa lata la a Kachingwe n'kugwera mu mgolo ndi phokoso limene Nankhoma sanaliiwale mpaka ukalamba. Analira poyera osabisa nkhope, ndipo sanadikire kuti mgolo udzaze: anatunga kapu n'kuthamangira nayo m'nyumba.

Madzi atatha, pa lata pomwepo panatsetsereka jumbo la makala a Nasibeko, kenako mandimu ndi jinja. Pomalizira panatsetsereka mbale ya Nankhoma yomwe, itamangidwa m'kansalu, mandasi otentha ali tho.

"Mbale yanu inachedwa kwathu," anatero Abiti.

Zinachitika choncho m'mawa uliwonse mpaka milungu iwiri inakwana. A Kachingwe anamwa madzi, anamwa mankhwala, anamwa phala, ndipo pang'onopang'ono mpweya unabwerera m'chifuwa. Tsiku loyamba kutuluka panja anayenda chogwirira khoma mpaka kuseri. Kumeneko anapeza lata lawo litapindika, madzi akuyenderera. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, madzi onsewa mwawapeza bwanji?"

"Ndikutapa zimene ndinaika."

"Munaika liti?"

"Tsiku lija munkanditcha wopenga. Inu munaika m'chipinda, ndipo pitani mukaone, anankafumbwe ayamba kale phwando mu ufa wanu. Ine ndinaika kuseri kwa mpanda, ndipo zanga zabwera zokha, zakwera phiri ndi miyendo. Kupatsa n'kuika, bambo."

A Kachingwe anamasula kiyi pa lamba n'kumupereka kwa mkazi wawo. Nankhoma anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Kiyi wa chiyani? Chitseko chija chili chotsegula kuyambira kalekale. Ngati manja akuyabwa, thumba la mpunga ilo, ndipo mpata mukuudziwa."

Bambo aja anakoka thumbalo pang'onopang'ono, kupumira kawiri panjira. Atafika pa mpanda anapeza kuti mpatawo ndi wa mbale, thumba silingadutse. Anaima, anayang'ana mkazi wawo, ndipo Nankhoma anangopinda manja. Pamenepo a Kachingwe anagwira bango ndi manja awo n'kuyamba kuthyola, limodzi limodzi, mpaka mpata unasanduka khomo loti munthu n'kudutsa choimirira. Anakonza tayi, anatsokomola pang'ono, n'kunena mawu amene anali asanawanenepo zaka khumi ndi ziwiri:

"Odi kuseriko."

Amayi a tsidyalo anali atamva zonse, poti mpanda wa bango subisa mawu. Iwo ndiwo ananyamula mawu a Nankhoma kupita nawo ku mpopi, ndipo kuchokera ku mpopi anafika paliponse.

Ndiye mukamva kuti kupatsa n'kuika, tanthauzo lake ndi limeneli. Chimene wapatsa mnzako pa tsiku la kusowa kwake sichinatayike, wachisunga pamalo pamene mbewa ndi anankafumbwe safika. Sichibwera monga chinapitira: umapereka shuga, n'kudzalandira madzi pa tsiku limene shuga sangakuthandize. Sakunena kuti kusunga n'kulakwa, ayi, nkhokwe ndi yabwino. Koma nkhokwe siimva ukamabuula, ndipo siingakwere phiri ndi ndowa pamutu. Tsiku limene anthu onse adzathamangire kukokolola za m'sitolo, mantha akukuuzani kuti khomani mpata, mudzakumbukire Nankhoma, ndipo nyundo mudzaigwire kozulira.