Nkhumba Yomwetulira ndi Nambala Yachikasu

Kasitolo ka mayi Hyeran kanali kakang'ono, koti ogula akachuluka ena ankadyera chiimirire pakhomo, koma ndi kamene kankadyetsa banja. Chaka chimene makampani okhoma sitima zapamadzi kuno ku Geoje anapeta anthu ngati mankhusu, mwamuna wake, Yeom Dalsu, anali m'gulu la ouluzika. Munthu amene anakulira kuwotcherera zitsulo za sitima tsopano ankakhala pakona ya kasitoloko n'kumadula kaloti woika mu kimbap, mpunga wokulunga uja. Njala sinamupweteke, poti mkazi wake ankagulitsa bwino. Chinkamudya mumtima chinali china: ogula akalowa ankati “abwana” kwa Hyeran, iye n'kumuti, “Amalume, tiwonjezereni madzi.”

Mlongo wake wa Hyeran, Bang Gitae, anali dalaivala wa thiraki pa kampani ina yonyamula nsomba ku Busan. Ndi iye amene anayambitsa nkhaniyi, ndipo mpaka lero amadziimba mlandu.

“Alamu, madalaivala akusowa,” anatero Gitae tsiku lina akudya. “Kalembetseni maphunziro a boma aja a anthu ochotsedwa ntchito. Mulipira zochepa, kungoti mudikira mpaka nyengo yachisanu ithe. Mukatenga laisensi ndikakulankhulirani kwathu. Malipiro oyamba ndi ochepa, koma muphunzirira pa matayala a eni.”

“Ndidikire chisanu chonse ndikudula kaloti?” anayankha Dalsu. “Inu simudziwa mmene mpeniwu umalemera.”

Sanadikire. Pa foni yake anapeza chilengezo cha kampani ina ya ku Gimhae: maphunziro aulere, laisensi mwamsanga, katundu wosatha wa masitolo akuluakulu, osalamulidwa ndi munthu. Mwini wake, a Ma, anamulandira ndi manja awiri, ndipo mawu awo oyamba ndi amene anamaliza zonse.

“Takulandirani, bwana Yeom.”

Anamutengera kodyera nyama ya ng'ombe yowotcha, akumutembenuzira okha nyamayo pamoto, mowa akumuthirira ndi manja awiri. Munthu amene wakhala akutumidwa madzi ukamuthirira mowa motero, nzeru zake zimatsikira m'mimba. Maphunziro analidi aulere, bodza ayi. Anamuzungulitsa pabwalo la kampani mpaka anadziwa zongokwanira kukhoza mayeso, ndipo anakhozadi. Zobwerera chambuyo ndi katundu wodzaza polowera popanikiza, palibe anamuonetsa.

Laisensi itatuluka, a Ma anamugwira paphewa. “Tsono bwana sayendetsa galimoto ya eni. Tikupezerani thiraki yanuyanu, pa ngongole. Chikole chochepa chabe. Nambala ndi katundu musiyire ife.”

Aliyense kuno amadziwa kuti thiraki yonyamula katundu wa malonda imayenda ndi nambala yachikasu, ndipo nambala zimenezi sizitoledwa pamsewu. Zambiri zili m'manja mwa makampani, amene amazibwereketsa. Galimoto umagula ndiwe, mafuta umathira ndiwe, koma imalembedwa m'dzina la mwini nambala. Dalsu naye ankadziwa zimenezi. Chikole chokha chimene banjalo linali nacho chinali kasitolo kaja.

Gitae atamva anabwera asanavule n'komwe zovala za kuntchito.

“Alamu, funso langa ndi limodzi. Nambalayo ndi ya ndani? Tsiku limene mwini wake adzaifune, inu mudzatani? Kawafunseni, ayankhe anthu akumva.”

“Munthu wandiphunzitsa ulere, wandidyetsa ng'ombe, ndikamufunse ngati ndagwira mbava?”

“Ng'ombeyo ndi imene ikundiopsa ine.”

“Inu tsitsi lachita kuyera mukupukuta galasi la eni,” anatero Dalsu akuseka. “Mlamu wanu akati akwereko pang'ono, mutu ukuwawa. Nsanje imayamba chonchi.”

Gitae anaika timitengo todyera pansi.

Hyeran, mayi wa mwana wawo Yuna, ndiye analimbalimba. “Bambo a Yuna, kasitoloka ndi kamene katitsalira. Ndinakayamba ndi mbale zobwereka, inu mukudziwa. Kakapita, tidzadya matayala?”

Dalsu sanakalipe. Anachita zimene amuna ambiri amachita akafuna chinthu: anasiya kudya, anasiya kulankhula, n'kumangousa moyo pakona paja mpaka ogula anayamba kufunsa ngati kwagwa maliro. Pomaliza Hyeran anatulutsa chidindo chake chosainira, n'kudinda pa mapepala a ngongole misozi ili m'maso. Sanadinde chifukwa chokhulupirira a Ma, koma chifukwa chotopa kuona mwamuna wake akufota.

Galimoto yatsopano siyenda isanapemphereredwe mwayi, choncho Hyeran anapita kumsika kukagula mutu wa nkhumba wa pamwambo. Mayi wogulitsa anamusankhira yekha.

“Tengani uwu, mayi, ukumwetulira. Womwetulira ndiye wa mwayi. N'chifukwa chake sukhalitsa patebulo, amalonda amayambira womwewo.”

Mwambowo unachitikira pabwalo la kampani. Anayala mkeka kutsogolo kwa thiraki yoyera mbee, nambala yachikasu ikuwala. Anaika mikate ya mpunga, nsomba youma yokulungidwa ndi ulusi woyera, ndipo pakati mutu wa nkhumba uja, maso ali tsinzi, mlomo utapindikira m'mwamba. A Ma ndiwo anayamba kuulowetsa ndalama mkamwa, zochuluka mpaka zina zinkagwa, anthu n'kuwomba m'manja. Dalsu anagwada n'kugunditsa mphumi pansi, kenako anazungulira thirakiyo akuthira mowa wa mpunga pa tayala lililonse. Podzuka apo mano onse anali panja. Hyeran anali asanamuonepo akukondwa chotero kuyambira tsiku la ukwati.

Gitae anayang'ana mlamu wake, n'kuyang'ana nkhumba, n'kunong'oneza mlongo wake, “Taona, afanana.”

“Khalani chete, achimwene,” anatero Hyeran. Koma sanaseke.

Miyezi yoyamba katundu analipodi, ndipo Dalsu ankaimika thiraki patsogolo pa kasitolo kuti ogula aione. Kenako masitolo akuluakulu aja anayamba kusowa. M'malo mwake ankamutuma kutali ndi katundu wolemera amene ena anakana, pobwera n'kubwera wopanda kanthu. Tsiku lina akubwerera chambuyo pa nyumba yosungira katundu anagunda chipilala, chitseko cha thiraki n'kupindika. Atakadandaula ku ofesi, a Ma anatambasula manja.

“Galimoto ndi yanu, bwana Yeom. Ife tingalowerere bwanji pa katundu wa bwana?”

Anakonzetsa yekha. Mwezi umenewo ngongole inalipidwa ndi mpunga wa Hyeran, ndipo mwezi wotsatira chimodzimodzi.

Chilimwe chisanathe, Dalsu anapeza chikwangwani cha kampani chitasinthidwa, pampando wa a Ma patakhala munthu wachilendo. Kampani inali itagulitsidwa. Ndipo kampani yotere ikamagulitsidwa chimagulidwa n'chiyani, poti ilibe galimoto ngakhale imodzi yogula yokha? Amagula nambala, pamodzi ndi anthu amene akuyenda nazo. Mwini watsopanoyo anati amene akufuna kupitiriza alipire nambala yake mwatsopano, apo ayi aibweze.

“Ine ndinagwirizana ndi a Ma!”

“Ndiye kawafuneni a Ma.”

Foni ya a Ma inali itazima. Dalsu analibe choti n'kulipira, ndipo m'mawa wina anafika pabwalo n'kupeza nambala zonse ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, zitamasulidwa, patangotsala timabowo ta zomangira. Anathamangira ku ofesi yoona za antchito. Mayi wa kumeneko anamumvetsera mwaulemu, kenako anapukusa mutu.

“Pepani, ife timathandiza olembedwa ntchito. Inu simunalembedwe. Inu ndinu bwana.”

Kumene amalembetsa magalimoto anamuuza zina: thirakiyo ili m'dzina la kampani, ndipo ngati akufuna kutsutsa apite kukhoti, nkhani zake zimatenga nthawi. Motero pofuna malipiro anali bwana, pofuna galimoto anali mlendo. Chokhacho chimene chinali m'dzina lake popanda wotsutsa ndi ngongole. Eni ngongole sadikira khoti. Anatenga thiraki, n'kuigulitsa motchipa, ndipo zotsalazo anakazipeza pa chikole.

Tsiku lotseka kasitolo, Hyeran anatsuka mbale zonse ngakhale panalibenso wodyeramo. Dalsu anayesa kunyamula mpando kuti athandize.

“Siyani, abwana, mungadetse manja,” anatero mkaziyo osamuyang'ana.

Lero Hyeran amatsuka mbale m'khitchini ya eni, ndipo kunyumba salankhula zambiri. Amene anamupezera Dalsu malo ndi Gitae yemwe uja, osati a udalaivala, poti kampani itamuyesa kubwerera chambuyo inati akaphunzire kaye. Amakweza mabokosi a nsomba n'kumakwera pambali pa mlamu wake.

Tsiku lina akudutsa ku Gimhae, Dalsu anaona anthu atasonkhana pabwalo lija, mkeka utayalidwa kutsogolo kwa thiraki yatsopano. Anayang'ana nambala ya thirakiyo. Inali yake ija. Anauza Gitae kuti aime.

Pafupi ndi mutu wa nkhumba panali a Ma, onenepa bwino, akuulowetsa ndalama mkamwa. Kampani anagulitsadi, koma ntchito yokopa anthu anali akadali nayo. Sanachite n'komwe manyazi.

“Aa, bwana Yeom! Mwabwera kudzafunira mnzanu mwayi?”

Dalsu anawadutsa n'kupita kwa mwini thiraki, bambo wa msinkhu wake amene anali atangodzuka pogwada, botolo la mowa lili m'manja, mano onse ali panja. Chapatali panaima mkazi wake, maso ali ofiira.

“Achimwene, nambala iyi mwafunsa kuti ndi ya ndani?”

Bamboyo anamuyang'ana kuyambira nsapato zonunkha nsomba mpaka kumutu, n'kuseka.

“Amalume, nsanje imayamba chonchi. Tengani mkate mudye, mutisiye tisangalale.”

Dalsu anaima ndi mkatewo m'manja, akuyang'ana nkhumba ija ikumwetulira ndi ndalama mkamwa, khosi lake litadulidwa kale. Anabwerera ku thiraki ya eni, n'kukwera pambali pa mlamu wake, ulendo wa ku Busan. Akuluakulu anaona patali ponena kuti mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.