Mkamwini ndi Chomera cha Pamchenga

Panali mlimi wina wa kumapiri a Ntcheu amene anakwatira mkazi wa ku Mozambique, nakakhala chikamwini kufupi ndi nyanja yamchere. Apongozi ake aakazi anamupatsa kadimba kuseri kwa mulu waukulu wa mchenga. Kadimba kameneko ndi kamene kankadyetsa banja lonse, chifukwa kwina konseko nthaka inali yamchere.

Pamulu wa mchengawo panali chomera choyanga pansi, cha maluwa ofiirira ooneka ngati lipenga, otseguka m'mawa n'kufota dzuwa likapendeka. Atangochiona, munthu uja anati mumtima, anthu akuno ndi aulesi bwanji, mbatata yonseyi osakumba? Anatenga khasu. Anakumba mpaka m'mawondo, osapeza kanthu. Anakumba pena, anangopeza muzu umodzi wautali wolowa pansi ngati chingwe cha pachitsime. Anathothola tsamba poganiza kuti mwina ndi kholowa wa ndiwo. Tsambalo linali lochindikala, logawanika kunsonga ngati chiboda cha mbuzi, ndipo linatuluka utomoni woyera womata m'zala. Anachita manyazi, ndipo mukudziwa inu, manyazi a mwamuna sachedwa kusanduka mkwiyo.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero. "Chinthu chosabala chikhaliranji pafupi ndi dimba langa?"

Apongozi anamuona akunola khasu. Koma mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, choncho mawu anadzera mwa mwana wawo.

"Abambo, amayi akuti chimenecho musachikhudze," anatero mkaziyo. "Si chodya ayi, koma chili pantchito."

Iye anaseka. Mlimi wa ku Ntcheu aphunzitsidwe za udzu ndi anthu odziwa nsomba zokha? Komanso ankafuna mudzi wonse uone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi mlesi. Masiku atatu analambula theka la mulu uja mpaka panayera kuti mbee. Theka linalo anati adzamaliza matuza a m'manja akapola.

Matuza asanapole, mphepo ya kunyanja inayamba. Inawomba sabata yathunthu. Mchenga wa mbali yolambulidwa unanyamuka, tsiku ndi tsiku n'kumatsikira m'dimba, mpaka tomato ndi mpiru wa mbali imeneyo zinangotsala nsonga. Koma mbali inayo mchenga sunasunthe. Munthu uja anapita kukagwada pamenepo, nafukula ndi zala. M'pamene anaona chimene khasu silinamuonetse. Pamfundo iliyonse chomeracho chinali chitatulutsa timizu, ndipo timizuto tinali titagwira mchenga zolimba.

Anamva chisoni, abale anga, chisoni chenicheni, poona kuti chakudya cha ana ake wachikwirira yekha. Akanatha kumanga katundu n'kubwerera kwawo, n'kumakauza anthu kuti dziko la kumeneko ndi loipa. Ambiri a ife tikanatero. Koma iye anatuma mkazi wake kuti akapepese, nafunsa ngati chomeracho chimaphuka munthu akachidula n'kuchibzala. Yankho linabwera lakuti chimaphuka.

Pamenepo manja ake anadziwa chochita. Anadula tizidutswa ta mfundo zitatuzitatu, monga ankachitira ndi mbewu ya mbatata kwawo, natikwirira m'mizere pamchenga, natithirira m'mawa uliwonse. Tina tinauma, tambiri tinagwira. Pofika nyengo ina ya mphepo mulu unali utavalanso, ndipo dimba linabala. Apongozi anangomutumizira tambala wonenepa.

Abale ndi alongo, mumpingo muno muli anthu amene munawakumba kale, simunapezemo mbatata. Salalikira, saimba kwaya, akapatsidwa pemphero amachita chibwibwi. Ndiye mumati alibe phindu. Koma ndi iwowo amene amafika oyamba pamaliro n'kuchoka omaliza. Ndi iwowo amene amadziwa nyumba imene muli wodwala, inu musanamve n'komwe. Si zomera zonse zimene Mulungu analenga kuti zidyedwe. Zina anazipatsa ntchito yogwira nthaka kuti zinzake zibale.

Musanakweze khasu pa mnzanu, yambani mwafunsa kuti wagwira chiyani. Ndipo ngati munamuzula kale, kaya ndi lilime kaya ndi diso, musataye mtima. Mukatuluka muno, pitani kwawo mukamupepese, mubwere naye. Nthaka ya Mulungu sikana wobzalidwa kachiwiri.