Abakha Anadya Kafukufuku wa a Kondowe

Pakhomo pa mai Yunike NyaKondowe ku Uliwa panali pa mtendere mpaka tsiku limene mlongo wawo, a Dokotala Reginald Kondowe, anatsika basi atakolekera zidebe ngati phava la nthochi. Chinali chaka cha 1978. A Reginald sanali dokotala wa jakisoni ayi. Anali mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo ku yunivesite, ndipo anapatsidwa tchuthi chachitali kuti afufuze ngati achule a m'minda ya mpunga ku Hara amathandiza alimi pakudya tizilombo. Akalemba zomveka, adzakwezedwa pantchito. Mkulu wawo, Pulofesa Wallace Makawa, analonjeza kuti adzabwera kudzaona ndi maso mpunga ukamacha.

"Adumbu," anatero mai Yunike, poti kumeneko mlongo amamuitana choncho, "bambo anagulitsa ng'ombe kuti mukaphunzire, inu n'kubwerako ndi ntchito yothamangitsa achule?"

"Ndi sayansi, NyaKondowe. Achule amenewa ndiwo makwerero anga."

Poyamba zinthu zinayenda. M'mawa uliwonse a Dokotala ankapinda buluku, n'kulowa m'ngalande thope lekeza m'mawondo, alimi akugwira pakamwa kubisa phwete. Achule anadzaza zidebe, zidebe zinadzaza khitchini. Koma munthuyu anali ndi nthenda imodzi: mtima wake unali wa gulugufe, duwa lililonse n'lake. Tsiku lina akuwenderera chule, chiwala chinawatera pamphuno. Anachiyang'ana, nacho chinawayang'ana.

"Kodi alipo amene analembapo za ziwala za ku Hara?" anadzifunsa. "Palibe!"

Tsiku lomwelo bokosi la ziwala linalowa m'nyumba. Pasanapite nthawi anaona mpheta zikukudzula ngala za mpunga, nati nkhani yeniyeni ndi imeneyi, ndipo mpheta zinalowa m'dengu lovundikira. Kenaka pamsika, atangoonetsa khadi la chipani pachipata, anaona abakha akuyenda motsogozana, ndipo mutu unawauza kuti kupendapenda kumeneko kuli ndi masamu ake amene dziko silinawatulukire. Anagula abakhawo, nayamba kuwalondola pabwalo ndi chingwe choyezera, nawonso akupendapenda m'mbuyo mwawo.

Mai Yunike anapirira mpaka tsiku limene anawachezera amai a Umanyano, anzawo a kutchalitchi. Potsanulira alendo tiyi, mumphika wa shuga munatuluka chule, nadumphira pachifuwa pa mkazi wa abusa.

"Chiuta wane!" anakuwa mai Yunike alendo atabalalika. "Adumbu, munabwerera achule, malizani achule. Zinazi zichoke m'khitchini mwanga lero lomwe."

"Munthu wophunzira sayenda ndi diso limodzi," anayankha a Reginald akukonza tayi. "Anzanga adzapereka pepala limodzilimodzi, ine mtolo. Sadzandikweza chabe, adzachita kundiponya m'mwamba."

Mawuwo asanazizire, munthu wina wogulitsa usipa anaima pakhomo ndi nkhani yakuti ku Lupembe madzi afukula chifupa chachikulu ngati mtondo, mwina cha zinyama zamakedzana. A Reginald magazi anawira. Anatuta zidebe, bokosi, dengu ndi abakha, naunjika zonse m'kachipinda kosungiramo makasu. Anakhoma loko, kiyi m'thumba, njinga yobwereka pansi pa thako.

"Ndibwera mawa!" anafuula ali kale pamsewu.

Mawa lakelo linabala ana ndi zidzukulu. Ku Lupembe anakumba, anayeza, anajambula, anafunsa ndi agogo ake a mwini munda. Kuno ku Uliwa m'kachipinda muja munkamveka chipwirikiti, kugubuduka kwa zidebe, kwee! kwee! Koma mai Yunike analibe kiyi. Anzawo akafunsa ankangoti, "Musadandaule, ndi sayansi ikugwira ntchito."

Tsiku limene a Reginald anabwerera, chifupa atachimanga pakaliyala ngati mkwatibwi, anapeza galimoto ya yunivesite yaima pakhomo. Pulofesa Makawa anali pansi pa mtengo wa mango, suti yakuda ili thukuta lokhalokha, akudzikupiza ndi chipewa. Atapatsana moni, Pulofesa anasuzumira chifupa chija, nachinunkhiza.

"A Kondowe, mvuu iyi inafa chaka chatha. Mukufuna tikaiphikire msuzi? Tiyeni mundionetse achule, ndiwo ndadzera."

A Reginald anatulutsa kiyi m'thumba. Anatsegula loko, nakankha chitseko. Bakha wamkulu anatulukira pachifuwa pawo, phaa! Pobwerera m'mbuyo a Reginald anaponda zitosi za abakha, miyendo yonse iwiri n'kuloza kumwamba, msana khuu! pansi. Ali chigonere choncho, nthenga za mpheta zikuwagwera kumaso ngati maluwa a paukwati, mphaka wa pakhomopo anatuluka mimba ili tang'a, nawadumpha mwaulemu.

Za m'katimo sizinasowe womasulira. Mphaka analowera padenga kutsata mpheta, nagwetsa bokosi la ziwala. Achule anadya ziwala, abakha anagubuduza zidebe nadya achule, mphaka anamaliza mpheta. Munatsala makasu okha.

"Chabwino," anatero Pulofesa akuwadzutsa. "Zamoyo zimafa. Nanga zimene munalemba za achule?"

"Mutu wake ndinalemba, bwana," anayankha a Reginald akugwira msana. "Ndi mutu wabwino kwambiri."

"Za ziwala?"

"Nazonso mutu ulipo."

Pulofesa anayang'ana kumwamba ngati akufunsa mvula. Mai Yunike, poona kuti mlendo wochokera kutali sangabwerere chimanjamanja ndi m'mimba momwe, anagwira bakha wonenepa uja, ndipo posakhalitsa fungo la mpunga wa kilombero linadzaza bwalo. Pulofesa anavula jekete, nadya mosayang'ana kumbali. Atapukuta mafuta pandevu anati:

"A Kondowe, chiwala chili m'chule, chule ali m'bakha, bakha ali mwa ine. Kunena zoona, pa zaka zanga zonse sindinakumanepo ndi kafukufuku wonona chonchi. Koma sindingamupereke kwa akuluakulu, poti ndamudya."

Chaka chimenecho wokwezedwa pantchito anali a Dokotala Esnart Malunga, amene anthu ankawaseka kuti akalambira pa kanyongolotsi kamodzi ka m'mizu ya fodya. A Reginald anabwerera ku yunivesite pampando wawo wakale, akuukhalira chammbali chifukwa cha msana. Ku Hara achule anapitiriza kuimba m'ngalande popanda wowafunsa chimene adya.

Akale sananame pamene anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.