Matewera Oyanika Pansi pa Mango

Ana inu mwazolowera kuona matewera ovala kamodzi n'kutaya. Nkhani iyi ndi ya nthawi imene thewera linali nsalu, ndipo nsalu yomweyo, ikasamalidwa, inkalera mwana woyamba mpaka kufika kwa mng'ono wake.

M'mudzi wina cha ku Bilila, m'boma la Ntcheu, munali banja la Dafuleni ndi Eneresi. Dafuleni anali mkamwini pamudzipo, munthu wanthabwala, wokonza njinga pamsika. Mwana wawo woyamba anali wamkazi, anamutcha Sungeni. Atatuluka m'chikuta, makolo ake anapita kumsika kukamugulira matewera, poti zidutswa za chitenje zimene ankagwiritsa ntchito zinali zitayamba kuchepa.

Pabenchi ya wogulitsa panali mitundu iwiri. Ena anali opyapyala, osalala, a timaluwa m'mphepete. Ena anali oyera okhaokha, okhuthala ngati thawulo.

"Tengani a maluwawa, make Sungeni," anatero Dafuleni. "Anthu adziwe kuti mwanayu ali ndi bambo."

Eneresi anapempha madzi pang'ono m'kapu, nadontheza pa thewera losalala. Madziwo anagubuduka n'kugwa pansi. Anadontheza pa lokhuthala, ndipo linamwa pomwepo.

"Maluwa samwa mkodzo, bambo a Sungeni," anatero.

Wogulitsa anaseka. "Mwasankha bwino mayi. Koma dziwani kuti okhuthalawa amachedwa kuuma."

"Dzuwa tili nalo," anayankha Eneresi, akupinda matewera ake.

Kuyambira pamenepo ntchito yake inali ndi ndondomeko. Thewera likada, ankaliviika m'ndowa yovundikira. M'mawa ankachapa ndi sopo, n'kutsukuluza mpaka thovu litatheratu, chifukwa sopo wotsalira amawotcha khungu la mwana. Ankayanika pachingwe cha kutsogolo kwa nyumba, pamene dzuwa linkafika tsiku lonse. Akauma, ankabwereka simbi ya makala kwa mkulu wake Faliya, amene nyumba yake inali pafupi, n'kusita thewera lililonse kuwiri konse.

Tsiku lina Dafuleni anapeza mkazi wake akupemerera makala a m'simbi.

"Kodi thewerali likupita ku ukwati wa ndani kuti lizisitidwa chonchi?" anafunsa.

"Sindisitira kukongola," anatero Eneresi. "Kuli ntchentche ija ya nyengo ya mango. Imaikira mazira pansalu yonyowa, makamaka ikakhala pamthunzi kapena pansi. Mazirawo saoneka ndi maso. Akakhudza khungu, mphutsi imalowa. Chimene chimawapha ndi moto wa simbi."

"Inu ndi ukhondo wanuwo," anatero Dafuleni, nakwera njinga yake.

Mvula itayamba, mango atapsa, Eneresi anapsa dzanja lamanja ndi phala lotentha. Kuchipatala anamumanga bandeji, namuuza kuti asaliviike m'madzi mpaka lipole. Madzulo ake Faliya anabwera kudzamuzonda, ndipo anaona ndowa ya matewera yadzaza.

"Ndizichapa ndine ndikamabwera kumunda," anatero Faliya. Kenaka anatembenukira kwa Dafuleni. "Poti alamu athu manja awo ndi a sipanala basi. Sopo angawatupitse."

"Alamu, musandiyese," anatero Dafuleni. "Munthu womasula njinga yonse n'kuibwezera angalephere kansalu? Inu pitani kumunda kwanu. Mwanayu ndi wanga, ndichapa ndine."

Anachapadi. M'mawa mwake anatsukuluza bwino monga ankaonera mkazi wake, nayamba kuyanika pachingwe cha kutsogolo. Koma chingwecho chinali m'mbali mwa njira, ndipo nthawi yomweyo panadutsa anzake amene ankasewera nawo bawo pagolosale.

"Dafuleni! Ndiwe kodi?" anafuula mmodzi. "Tinkayesa ndi amayi atsopano pamudzi pano!"

"Anakudyetsa khuzumule ameneyu," anatero wina. "Mawa tikupeza ukuyamwitsa!"

Anapita akuseka mpaka kutali. Dafuleni anasekanso nawo, koma makutu ake anatentha.

Tsiku lotsatira anachapira m'bafa mobisala. Atamaliza ananyamula beseni, nadutsa kuseri kwa nkhokwe, natsikira kumunsi kwa munda kumene kunali mitengo ya mango. Kumeneko kunalibe wodutsa. Anayala matewera paudzu, pamthunzi, pakati pa mango ogwa okha amene ntchentche zinkazungulira. Madzulo anawatola asanaumitsitse, poti nsalu yokhuthala siuma pamthunzi.

Panatsala kusita. Kukabwereka simbi kwa Faliya kunali kudziitanira chipongwe china, ndipo kusita pakhonde kunali kudzionetsa kwa aliyense. Choncho anawapinda bwinobwino, nawaika pansi pa mphasa, n'kukhalapo akudya. Atawatulutsa anali athyathyathya ngati osita.

"Lero sindinawaone pachingwe," anatero Eneresi polandira.

"Njinga zodutsa zimawaza matope. Ndamanga chingwe china kumunda."

"Nanga simbi? Achemwali akuti simunabwereke."

"Ndasitira kwa telala kumsika. Mnzanga uja."

Eneresi ananunkhiza thewera limodzi. Thewera losita limamveka kafungo ka makala, koma ili linkamveka udzu. Anayang'ana mwamuna wake, amene manja ake anali atayera ndi sopo, ndipo anaona kuti si bwino kufunsa zambiri munthu amene akukuthandiza. Anamuveka mwana thewera lija, namanga phini.

Zinapitirira choncho. Sungeni, amene anali mwana wogona bwino, anayamba kuliralira. Pantchafu ndi pamatako pake panatuluka timatuza tofiira. Eneresi anayesa ndi kutentha kwa nyengo, namusambitsa kawirikawiri. Koma timatuzato tinakula, tinauma ngati zithupsa, ndipo kalikonse kanali ndi kadontho kakuda pakati. Mwana anakana kugona chagada. Akamugwira pothewera ankalira mpaka mawu kutha.

M'mawa wina Faliya anamva kulirako ali ndi khasu paphewa. Analitula pakhomo n'kulowa.

"Tabwera naye kuno kowala," anauza mng'ono wake.

Anakhala pakhonde, namugoneka mwana chafufumimba pamiyendo. Anayang'anitsitsa chithupsa chimodzi nthawi yaitali. Kenaka anaitanitsa mafuta a vaselini, napaka mokhuthala pamwamba pa kadontho kakuda kaja.

"Dikirani," anatero. "Ngati muli chamoyo, chisowa mpweya."

Dafuleni anali akupopa njinga pabwalo. Anasiya pampu, nasendera pafupi. Onse atatu anayang'ana pamalo amodzi. Patapita kanthawi, mafuta aja anagwedezeka. Kamutu koyera kanasuzumira. Faliya anafinya m'mbali ndi zala ziwiri, mwana anakuwa, ndipo mphutsi yonenepa ngati njere ya mpunga wophika inagwera pamphasa, ikupindika.

Faliya anapaka mafuta pa chithupsa chachiwiri, ndi chachitatu, ndi zina zonse. Chilichonse chinali ndi mwini wake m'kati. Paliponse pamene mphutsi yatuluka pankatsala kadzenje kofiira. Sungeni analira mpaka thukuta linanyowetsa tsitsi lake.

Eneresi anamutenga ndi dzanja lake lamanzere, namuika kubere. Sanakweze mawu.

"Bambo a Sungeni, telala uja simbi yake inali ndi moto?"

Dafuleni anayang'ana pansi.

"Nanga chingwe cha kumunda munamanga pamtengo uti?"

"Kulibe chingwe," anatero Dafuleni. "Ndimayala paudzu, pansi pa mango. Sindinasite n'kamodzi komwe. Anyamata aja anandiseka tsiku loyamba lija, ndiye ndinati..." Anagwada pafupi ndi mphasa. "Pepani, make Sungeni. Pepani ndithu. Alamu, pepani. Sindimadziwa kuti zifika apa. Pepani."

"Munkadziwa," anatero Faliya. "Anakuuzani."

"Pepani," anabwereza Dafuleni.

Eneresi anatembenuza mwana pang'ono kuti bambo wake aone bwino.

"Ndamva, ndipo sindikukana," anatero. "Koma tayang'anani apa. Mwanena pepani kangapo konse. Chilonda chimene chatsekeka ndi chiti? Pepani sapoletsa chilonda, bambo a Sungeni. Mwanayu akufunika kuchipatala, ndipo matewera onse ali m'nyumbamu sangamukhudzenso asanawiritsidwe."

Dafuleni anadzuka. Anamaliza kupopa njinga, nakweza mkazi wake ndi mwana, n'kupita nawo kuchipatala. Kumeneko anatsuka zilondazo, napereka mankhwala opaka. Atabwerako anatunga madzi, nasonkha moto, nawiritsa matewera onse mumphika waukulu. Atauma anawasita kuwiri konse, mpaka m'mipendero momwe mazira amabisala.

Ngakhale anachita zonsezi, zilonda sizinafulumire chifukwa cha chisoni chake. Zinapola pa nthawi yake. Masiku onsewo Sungeni ankalira akamamusambitsa, ndipo bambo wake ndiye ankamugwira miyendo. Zitapola zinasiya tizipsera tating'ono pantchafu, timene anakula nato.

Faliya anafotokozera amayi anzake pachitsime zimene mng'ono wake ananena, ndipo mawuwo anayenda. Mwana akaponya mwala n'kutema mnzake, kapena munthu akalekerera mbuzi n'kudya chimanga cha mnansi, kenaka n'kumati kupepesa kwatha mlandu, anthu ankamuyankha ndi mawu a Eneresi. Akuti umu ndi mmene tinapezera mwambi uja wakuti, "Pepani sapoletsa chilonda."

Mwambiwu sukutiletsa kupepesa. Munthu wolakwa osapepesa ndi woipa koposa, ndipo Eneresi yemwe anati, "Ndamva, sindikukana." Chimene ukunena n'chakuti pepani amafika m'khutu ndi mumtima, koma safika pakhungu. Ukalakwira mnzako, nena pepani, kenaka dzuka ukakonze chimene chingakonzeke, ndipo usadabwe ngati china chikana kubwerera mwakale. Koposa zonse, uziganiza usanachite, makamaka pamene wovutika ndi cholakwa chako adzakhale wina. Dafuleni anathawa kusekedwa kwa kanthawi kochepa, koma amene analipira ndi mwana wosadziwa kuyankhula, woti ngakhale pepani wa bambo wake sankamumva.